Akuti ndikaphunzire kuombeza ula, ndipite kapena ayi?

Wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde. Abale ndithandizeni nzeru. Chiyambire June ndikumalota agogo anga akuchikazi, anali asing'anga, akundilozera mitengo m'phiri, ndikadzuka mutu ngati andimenya ndi munsi ndipo nthawi zina ndimangogwa. Azakhali ananditengera kwa sing'anga wamizimu, titapereka chipondamthengo anabwebweta nkunena kuti agogo akufuna ndilandire nsupa zawo, ndikakhale kwa iye miyezi itatu kuphunzira maula ndi kukumba mankhwala, ndipite ndi nsalu yoyera, mikanda ndi tambala. Amuna anga akuti ndikapita ndisabwerenso pomwe iwowo anandidyera ndalama za banki mkhonde ine osayankhula, apongozi nawo akunditcha waulesi chonsecho chimanga chawo ndinakolola ndine. Nditani ine?

Msilikali wa Ambuye: Mayi THAWANI!! Akufa salankhula, chimenecho ndi chiwanda chavala nkhope ya agogo anu. Werengani Deuteronomo 18:10-12, woombeza Mulungu amanyansidwa naye.

Namwino wopuma: Mukagwa mumakomoka? Mumadziluma lilime kapena kutuluka thovu? Kuchipatala munapitako? Khunyu, BP ndi shuga zimagwetsanso munthu.

Wa ku Rumphi: A Msilikali musamanyoze zomwe simuzidziwa. Kwathu timati vimbuza, munthu amamuimbira ng'oma usiku wonse, amavina, amachira, ena amadzakhala nchimi, asing'anga amizimu. Chikanga, nchimi yotchuka ija, anthu ankachokera mpaka ku Tanzania ndi Zambia kumutsatira. Ndi UNESCO yomwe inazindikira vimbuza.

Msilikali wa Ambuye: UNESCO ikakulowetsani kumwamba? Chisupe uja ku Machinga mu 1995 nayenso ankati walota mankhwala a Edzi, anthu anakhamukirako kukamwa mchape, Edzi inatha? Sauli anapita kwa wobwebweta ku Endori, mathero ake mukuwadziwa.

Mlongo wa ku Joni: Kuno amati kutwasa, umakhala kwa gobela, sing'anga wokuphunzitsa, miyezi yambiri, kudzuka mbandakucha, kugwada, kuvina, pomaliza mbuzi. Ine zinandionekera, wina anandiuza ndili ndi mizimu, ndinapereka malipiro a miyezi iwiri kenako foni yake osapezekanso. Mpaka lero mtima umandiwawa. Mufunsiretu mtengo wonse asanakuvekeni mkanda.

Wakabaza: Mukamaliza sukuluyo mundiombezere amene anaba foni yanga mu minibasi, ndikulipirani bwino 😂

Nachisale weniweni: Ine yandikhudza ndi ya banki mkhondeyo. Mwamuna wotero ngakhale musapite adzapezabe chifukwa. Wanga anachita chimodzimodzi, ndinaitana ankhoswe.

Mphunzitsi wa kumudzi: Mudziwenso kuti lamulo la zaufiti la 1911 likugwirabe ntchito, mukadzaloza munthu kuti ndi mfiti mumangidwa ndinu. Ndipo azakhaliwo afunse kaye anthu amene anaphunzirapo kwa sing'angayo, mzimayi sagona pakhomo pa munthu wachilendo miyezi itatu chisawawa.

Msilikali wa Ambuye: Afunse chani aphunzitsi? Mdima ndi mdima basi. Mayi salani kudya masiku atatu, nsupazo ngati zilipo muwotche.

Wa ku Rumphi: Awotche katundu wa makolo awo chifukwa mwanena inuyo?

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Ndinaiwala kunena kuti alamu anga nawo anandibwereka mbaula mpaka pano sanabweze, pakhomo pano palibe amandimvera chisoni. Usiku wathawu ndalotanso agogo atanyamula lichero la ufa.

Namwino wopuma: Mayi ndafunsa, kuchipatala munapita? Ndipo pophika musakhale nokha pafupi ndi moto.

Msilikali wa Ambuye: Ufawo ndi nsembe, mwaona? Ndinanena ine!! Bwerani ku inbox tipemphere.