Za thirakitala ndi zipika za mbawa: zokambirana za gulu la chitukuko cha kwathu ku Mulanje

Mlembi: Abale ndi alongo, pa msonkhano wapitawu panabwera ganizo loti ndalama zimene tasonkha tigulire thirakitala yaing'ono yogwiritsidwapo kale ntchito, yokhala ndi chonyamulira kutsogolo, kuti izitulutsa zipika za mbawa zimene zinagwa ndi mphepo m'munda wa sukulu, tizigulitse, ndipo phindu lake likonzere mlatho umene unakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. A Wapampando apempha kuti aliyense anene maganizo ake tisanapereke ndalama.

A Phiri, ku Johannesburg: Ine ndikugwirizana nalo ganizoli, a Mlembi. Thirakitala ndi chuma chokhalitsa, chifukwa zipika zikatha idzalima, idzakoka ngolo ya mchenga ndi njerwa, komanso tidzaibwereketsa kwa alimi a nanazi ndi tiyi. Wogulitsa wanditsimikizira kuti imanyamula theka la tani.

A Mbewe, makaniko ku Luchenza: Achimwene a Phiri, wogulitsayo sananame, koma wanena mbali imodzi yokha. Nambala imene opanga amalemba imayezedwa pa mapini pamene pamalumikizidwa chidebe. Mwachitsanzo, Kubota L2501, ya mahosipawa pafupifupi 25, ikakhala ndi chonyamulira cha LA525 imakweza makilogalamu pafupifupi 500 pa mapinipo, koma katundu akakhala theka la mita kutsogolo kwa mapini, mphamvuyo imatsika mpaka pansi pa makilogalamu 400, ndipo pamenepo muchotsereponso kulemera kwa mafoloko, zitsulo zonyamulira chipika, ndi unyolo. Chipika chonenepa sichingakhale pa mapini. Chimakhala kutsogolo ndithu. Tsono tiwerengere limodzi. Chipika chotalika mamita 3, chimene kukula kwake kudutsa pakati ndi masentimita 60, chili ndi kiyubiki mita 0.85, ndipo mbawa yaiwisi tikaiwerengera pa makilogalamu 800 pa kiyubiki mita, chipikacho chikufika pa makilogalamu 680. Cha masentimita 80 chimapitirira tani imodzi. Chimene chimachitika mukakakamiza ndi chakuti matayala akumbuyo amayamba kupepuka, ekiselo yakutsogolo imasenza zonse, ndipo pamalo otsetsereka ngati munda uja, dothi lofiira litanyowa, tayala limodzi likangolowa m'kadzenje thirakitala imagudubuzika ndi woyendetsa yemwe. Angakhale mutamangirira cholemera kumbuyo, mwachepetsa ngozi chabe, mphamvu ya hayidiroliki yokwezera katundu simunaionjezere.

A Phiri: Ngati vuto ndi kulemera, bwanji tizidule zipikazo zikhale za mita imodzi ndi theka?

Mayi Nachisale, ogulitsa mipando ku Limbe: Pepani bambo, pamenepo ndiye tataya ndalama zonse. Mmisiri amagula mbawa chifukwa cha utali ndi kutambalala kwa thabwa. Chitseko cha nyumba chimatalika pafupifupi mamita 2, mphuthu zake zimaposa pamenepo, bedi nalonso likufuna matabwa a mamita 2, choncho chipika chofupikitsidwa chimangotulutsa miyendo ya mipando ndi timatebulo, ndipo wogula adzatchula mtengo wake modziwa kuti tilibe kolowera. Ndionjezere kuti tisawerengere chuma tisanaone m'kati mwa mitengoyo. Mbawa yakale imatha kuoneka bwino kunja pamene pakati pali mphako, ina imang'aluka pogwa, ndipo mitengo ya pasukulu kawirikawiri imakhala ndi misomali imene ana ndi aphunzitsi anakhomamo kalekale, khungwa n'kuikwirira. Wocheka akamva sowo yagunda chitsulo amaimitsa ntchito n'kufuna kumulipira mano ake. Mbali yoyera ya kunja nayo siigulika, imafumbwa msanga, makamaka mtengo ukagona pansi nyengo yonse ya dzinja. Chimene chili ndi mtengo ndi mtima wofiirawo.

Msungichuma: Funso langa ndi la malamulo. Mitengoyi tili ndi ufulu woigulitsa?

A Banda, mphunzitsi wopuma ku Chitakale: Mwafunsa bwino. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chilolezo pa malonda ndi kanyamulidwe ka mitengo yachilengedwe, ndipo mbawa ndi mlombwa ndi ina mwa mitengo yotetezedwa, ngakhale itagwa yokha. Kuno ku Mulanje achitetezo amakhala tcheru kwambiri chifukwa cha mmene mkungudza unatheratu m'phirimu, kotero lole ya matabwa yopanda mapepala siingafike ku Limbe mwamtendere. Tiyambe ndi a Gulupu ndi komiti ya sukulu, kenako ofesi ya zankhalango paboma itumize munthu wodzaona mitengoyo. Iwiri imene inagwera mbali ya kumanda tisaikhudze mpaka eni mudzi atalankhula okha.

A Phiri: Ndamva, koma ndikuona ngati tikuopa chitukuko. Kodi tidzakhala tikusenza pamutu mpaka liti?

Mayi Nachisale: Thabwa limodzi amasenza anthu awiri, bambo, pomwe chipika chikulephera thirakitala. Ocheka akumbe dzenje pomwepo kapena tibweretse makina ochekera oyenda nawo, matabwa tiwasanje pamthunzi ndi timitengo pakati kuti aume osapindika, malekezero tiwapake penti kuti asang'aluke. Lole tidzachita hayala tsiku limodzi lokha.

A Mbewe: Ngati pali chipika chofunika kuchisuntha chathunthu, thirakitala yaikulu ya Massey Ferguson yobwereka ingachikoke ndi unyolo womangidwa pa chokokera cha m'munsi, osati kuchikweza m'mwamba.

Wapampando: Zikomo nonse. Kugula thirakitala tikuimitsa kaye, ndipo a Phiri, ganizo lanu la ulimi ndi ngolo mulilembe palokha ndi mtengo wa dizilo, woyendetsa ndi zipangizo, tidzalikambirane mwezi wamawa. A Mbewe ndi Mayi Nachisale apite Loweruka ndi tepi akayeze chipika chilichonse, ndipo a Banda alembe kalata yopita kwa a Gulupu ndi ku ofesi ya zankhalango, a Mlembi aisainire Lolemba lisanafike.