"Choipa chitsata mwini": kodi ndi chenjezo kapena temberero?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Msuweni wanga adazula nkhadze za m'malire a munda wa malemu bambo, n'kulima mizere yake mbali yathu. Kubwalo la amfumu adandinamizira pamaso pa anthu. Amayi amangoti, "Musiye mwanangu, choipa chitsata mwini." Koma pa Mateyu 5:44 Yesu akuti tiwapempherere otizunza. Ndikagwada kuti ndimupempherere, mwambiwu umandibwerera, mtima n'kumadikira tsiku loti chimupeze. Kodi makolo ankatanthauza zimenezi?

Mkulu wa mpingo:
Achimwene, ife tidaumva ukunenedwa kwa munthu amene akukonzera mnzake chiwembu. Linali chenjezo kwa wochitayo. N'chimodzimodzi Miyambo 26:27: wokumba dzenje adzagwamo yekha. Mwambiwu makolo sadaupangire wolakwiridwa kuti aziwerengera mnzake masiku.

Mayi wa Mvano:
Abambo, pamenepo ndikusiyana nanu pang'ono. Amayi akewo sakulakwa. Mwambiwu unkagwiranso dzanja munthu wopsa mtima, kuti asatenge nkhwangwa kapena kuthamangira kwa sing'anga kukabwezera. Pa Aroma 12:19 Paulo akunenanso kuti kubwezera n'kwa Ambuye. Chondiwawa ine ndi mapemphero afala masiku anowa. Usiku wonse anthu kufuula kuti moto ugwere adani, choipa chibwerere kumene chachokera, chonsecho mdaniyo ndi mlamu wako amene mumadya naye nsima imodzi pamaliro. Kumeneko si kupempherera munthu, mwana wanga.

Mnyamata wa kwaya:
Nanga Salimo 109 tiliika pati, amayi? Davide akupempha kuti ana a mdani wake akhale amasiye. Zilinso m'Baibulo momwemo.

Mkulu wa mpingo:
Zilimo ndithu. Davide adakhuthula ukali wake pamaso pa Mulungu. Koma atampeza Sauli kuphanga, pa 1 Samueli 24, adangodula nsonga ya chovala chake, osamupha. Stefano naye, miyala ikumugwera, adapempha kuti tchimolo lisaikidwe pa omuponyawo. Achimwene, nkhani ya munda musaisiye, kaituleni kwa agulupu. Kupempherera msuweni wanu sikutanthauza kumupatsa malo a bambo anu.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Kwa agulupu ndipita. Koma funso langa latsalabe: ndikamapemphera kuti Mulungu amudalitse pomwe mtima sukufuna, kodi Mulungu amamva mawuwo kapena mtimawo? Amayi a Mvano, inu mumatani pamenepa?