Nyali ya check engine yayaka nditasintha ekizozi ya Fielder: P0420 ndi P0171

Fielder141:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndi Toyota Corolla Fielder ya 2009, injini 1NZ-FE ya 1.5. Sailensa inabowoka ndi dzimbiri, ndiye ndinapita kwa owotcherera kuti aike ina. Atayang'ana pansi anati catalytic converter (chitsulo choyeretsa utsi cha pa ekizozi) nayo yatsekeka, bola aichotse aikepo paipi yowongoka, ine ndinavomera. Sensa ya kumbuyo yoyeza oxygen mu utsi anaiwotcherera nati yake pa paipi yatsopanoyo. Tsiku limenelo zonse zinali bwino, kenako nyali inayaka. Siikuphethira, yangoyaka. Pa kompyuta yoyezera yatulutsa makodi a vuto P0420 ndi P0171, tikafufuta imabweranso. Petulo akutha msanga, ndipo m'mawa injini isanatenthe pansi pamamveka kaphokoso ka tsi-tsi-tsi. Wina akuti ndigule sensa zonse ziwiri, wina akuti ndiike spacer (kachitsulo koika pakati pa sensa ndi paipi). Ndiyambire pati ndisanataye ndalama?

Sipanala22:

Achimwene, sensa musagule kaye. Makodi awiriwa ndi matenda awiri osiyana, ndipo onse akusonyeza kuti sensa zanu zikugwira ntchito, zikungonena zomwe zikuona.

P0420 ikutanthauza kuti catalytic converter sikuyeretsa utsi mokwanira. Kompyuta ya galimoto imafananiza sensa ya kutsogolo kwa converter ndi ya kumbuyo kwake. Converter ikakhala bwino imasunga oxygen, choncho sensa ya kumbuyo imakhala phee chapakati pa 0.6 ndi 0.8 V. Inu mwaichotsa, utsi ukudutsa osasintha, sensa ya kumbuyo ikukwera ndi kutsika pakati pa 0.1 ndi 0.9 V. Kompyuta yanena zoona. Nyali sinayake tsiku loyamba chifukwa kodi imeneyi imafuna kuti vuto lioneke pa maulendo awiri otsatizana injini itatentha.

Amene akukudyerani petulo ndi P0171. Imeneyi ikuti injini ikuoneka ngati ili ndi mpweya wambiri, petulo wochepa, ndiye kompyuta ikuthira petulo wowonjezera. Kaphokoso mukumva m'mawako ndi kamene kandiuza koyambira: ekizozi ikutaya pafupi ndi injini. Utsi sutuluka mosalekeza, umatuluka modukizadukiza, ndipo pakati pa kudukizako kabowo kamayamwa mpweya wa kunja. Kabowoko kakakhala sensa ya kutsogolo isanafike, kapena pafupi nayo, sensa imawerenga mpweya umenewo.

Pa injini iyi kawirikawiri ndi gasiketi yozungulira ija ya pakati pa manifold (chitsulo chosonkhanitsa utsi wotuluka mu injini) ndi paipi yoyamba, yomangidwa ndi mabawuti awiri a masipiringi. Owotcherera ambiri amabwezerapo yakale yophwanyika, ena amataya masipiringi n'kumanga mabawuti wamba. Yesani chonchi injini ili yozizira: wina alize galimoto n'kutseka kumapeto kwa ekizozi ndi chiguduli kwa masekondi ochepa, inu muwaze madzi a sopo pa gasiketi, pa nati ya sensa ndi ponse pomwe anawotcherera. Potaya pamachita thovu. Pena simufunanso sopo, mumangoona mwaye wakuda wazungulira malowo. Chitirani panja pa mphepo, osati m'garaja yotseka, utsi umenewu umapha, ndipo osalowa pansi galimoto ili pa jeke yokha. Gasiketi ikani yatsopano ndi masipiringi ake. Silicone musapakepo, utsi wake umawononga sensa.

ZaMagetsi:

Ndikugwirizana ndi a Sipanala22, ndiwonjezere za manambala kuti musamangoganizira. Kachipangizo ka ELM327 ka Bluetooth, kolumikiza foni ndi kompyuta ya galimoto, ndi pulogalamu ya pa foni ngati Car Scanner kapena Torque zikukwanira, ngakhale magalimoto ena akale ochokera ku Japan amakana kulumikizana nako, pamenepo mpofunika makina a ku garaja. Tenthetsani injini, muyang'ane STFT ndi LTFT (manambala osonyeza petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa), muziphatikize. Pakati pa -5 ndi +5 peresenti zili bwino. Zikapitirira +10, kompyuta ikuwonjezera petulo kwambiri. Werengani injini ikungolira yokha (pa idle), muwerengenso pa 2,500 rpm. Nambala ikakhala yokwera pa idle n'kutsika mukaponda moto, pali potaya, kaya ku ekizozi kaya ku mapaipi a mpweya a pa injini. Ikamakwera pamene mukuponda, ganizirani MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini) yakuda kapena pampu ya petulo yofooka. MAF imatsukidwa ndi mankhwala ake opopera, osaikhudza ndi chala kapena nsalu.

Chimene chimasokoneza amakaniko ambiri pa Toyota ndi ichi: sensa ya kutsogolo si ya mtundu umodzi ndi ya kumbuyo. Ndi ya air-fuel, pa kompyuta imaonetsa chapafupi ndi 3.3 V ndipo siivinavina ngati inzake. Wina akaona choncho amati yafa, pamene ili bwino. Mano a sensa ziwirizi ndi ofanana, M18 x 1.5, koma sizisinthanitsidwa.

Popeza anawotcherera, onaninso izi. Mawaya a sensa ya kumbuyo asakhudze paipi, akapsa mudzaona P0141 ya heater (chotenthetsa sensa) kapena P0137. Heater ya sensa ya kumbuyo ikayezedwa ndi multimeter ili yozizira imakhala pakati pa 11 ndi 16 ohms. Ngati anatalikitsa mawaya, ayenera kulumikiza mbali ya galimoto, osati kudula ndi kusungunulira mtovu mbali ya sensa, chifukwa sensa zina zimapumira m'mawayamo. Nati yomwe anawotcherera ikhale cham'mwamba mwa paipi, mutu wa sensa uloze pansi ndi madigiri 10 kapena kuposa. Ikakhala kunsi kwa paipi, madzi a m'mawa amadikha pa sensa yotentha n'kuing'alula mkati. Pomanga ndi soketi ya 22 mm, pafupifupi 44 Nm.

Fielder141:

Zikomo akuluakulu. Thovu lachita pa gasiketi ija ndithu, ndipo masipiringi palibe. LTFT ili +18 pa idle, pa 2,500 rpm ikutsika kufika +6. Ndikakonza zimenezi, nanga spacer ija ndiike?

GarajaYaPaMsika:

Manambala amenewo akugwirizana ndi gasiketiyo, bambo. Mukaisintha, fufutani makodi, muyende maulendo angapo, muone ngati LTFT ikukhala pansi pa +5. Ikakakamira m'mwamba, bwererani ku mapaipi a mpweya ndi PCV (kavalavu kotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini).

Za spacer, ine sindilimbikitsa. Ndi kachitsulo kobweza sensa kutali ndi utsi kuti iziwerenga mwaulesi, kompyuta iziganiza kuti converter ilipo. Pena nyali imazimadi, pena imabwera ndi P0136 kapena P0139 poti sensa yachedwa kuyankha. Utsi wokha umakhala womwewo, ndipo oupuma ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu komanso inuyo mukaima pa mzere. Komanso pa Toyota kompyuta imagwiritsa ntchito sensa ya kumbuyo pokonza pang'ono muyezo wa petulo, ndiye mukainamiza mukusokoneza zomwe mukufuna kukonza. Kuzula babu ya pa dashibodi ndiye koipitsitsa. Tsiku lomwe coil (yopereka moto ku pulagi) idzafe, nyali imene ikanaphethira kukuuzani kuti muime idzakhala kulibe.

P0420 imatha mukabwezera converter. Funsani kaye yanu ija ili kuti. Mkati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, imagulitsidwa ndalama yabwino, n'chifukwa chake ena amafulumira kunena kuti yatsekeka. Yotsekekadi imadziwika: galimoto imalephera mphamvu pa chitunda, ndipo mukaiunika ndi tochi timabowo ta mkati timaoneka tosungunuka kapena tophwanyika. Ngati kuwala kukudutsa bwino, ibwerere pamalo pake. Ngati inafadi, pezani ya Fielder kapena Axio ya injini yomweyo, muiunike ndi kuigwedeza musanalipire. Yolira ngati muli timiyala isiyeni. Za universal zotchipa zimakhala ndi zitsulo zija zochepa, kodi imabweranso pakapita miyezi.

Kawirikawiri converter siifa yokha. Imaphedwa ndi petulo wosapsa wochokera ku pulagi kapena coil yofooka, kapenanso oyilo ndi madzi olowa mu silinda. Musanaike ina, tulutsani mapulagi onse anayi muone mtundu wake, ndipo muyeze ngati oyilo akutsika pakati pa masevisi. Powotcherera, sensa zonse ziwiri zichotsedwe, waya wa negative wa batire umasulidwe. Mukamaliza, yendani mphindi 15 mpaka 20 pa liwiro lokhazikika la 60 mpaka 80 km pa ola, kawiri, injini izizire pakati pake. Pa pulogalamu ija yang'anani pa catalyst monitor: ikalemba kuti yamaliza kuyeza, kodi osabwera, ntchito yatheka.