Za agogo odwala aja: bambo mfumu anafika

Sabata ziwiri zapitazo ndinafunsa chochita kuti agogo anga, amene miyendo inawakana, alandire Ukaristia kunyumba, poti kadi lawo la mtulo linasowa kalekale. Ambiri munati ndisathamangire ku ofesi ya parishi, ndiyambire ku mphakati. Zikomo kwambiri, munandiunikira njira.

Ndinakaonana ndi amayi apampando a mphakati wathu Lachinayi titatha kugawana Mawu a Mulungu. Iwo anadziwitsa akatekisiti, ndipo za kadi palibe anandivutitsa nazo, dzina la agogo linapezeka m'kaundula wa ubatizo.

Loweruka m'mawa bambo mfumu anatulukira pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu m'nsapato. Tinali titayala chitenje choyera pa katebulo, kandulo ndi mtanda pambali pake. Tonse tinatuluka kuti agogo alape, kenako anatiitananso, nawadzoza mafuta pamphumi ndi m'manja. Agogo, amene masiku ano salankhulalankhula, anayankha "Amen" momveka, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinalephera kuyimba.

Ndinkaopa kuti kudzoza odwala n'kutsanzika. Bambo anatiuza kuti sakramentili si la pa imfa pokha, nkhalamba yofooka ikhoza kulilandira, ndiponso kulilandiranso matenda akakula. Ndikuona kuti zimenezi ziyenera kumanenedwa kawirikawiri m'tchalitchi, osadikira 11 February, tsiku la odwala.

Tsopano wothandiza kugawa Ukaristia azibwera Lamulungu lililonse ikatha Misa yachiwiri, ndipo amayi a mphakati agawana masiku odzawacheza agogo.