Ndithandizeni kumasulira mayankho a ziganizo zomalizitsa

Alangizi anzanga a za maganizo, ndikupempha nzeru. Ndimagwira ntchito ndi achinyamata kuno ku Kasungu, ambiri ochokera m'maesiteti a fodya. Ndayamba kuwapatsa ziganizo zoti amalize okha, potengera njira ya Rotter, katswiri wa za maganizo wa ku America, ya mu 1950 ija, ya ziganizo 40, kuti zomwe munthu sanganene maso ndi maso zitulukire papepala.

Koma tikafika pa "Bambo anga…", ambiri amangolemba kuti "ndi abwino, Mulungu awadalitse." Ngakhale mtsikana amene ndikudziwa kuti kwawo kuli nkhanza analemba zomwezo. Buku loperekera malikisi linapangidwa kuchokera ku mayankho a ophunzira a ku America, ndiye ukalitsatira, yankho lotere limaoneka ngati palibe vuto. Ine mtima sukuvomera ayi. Mwana wa kuno sanyoza kholo, walemba ulemu basi. Ena amayankha ndi mwambi, wina anafufuta mpaka pepala kubooka n'kusiya pomwepo.

Inu mumatani? Zofufuta ndi mipata yosiyidwayo mumaiwerengera? Nanga ovutika kulemba, ndiziwalembera ndekha, kapena mayankho asintha poti ndikumvetsera? Amene munayesapo zithunzi za TAT, zija munthu amaziona n'kupekapo nkhani, anthu athu amazilandira bwanji?