Ndichepetse kaye thupi kapena ndiyambe ndi BBL? Sikelo ikasintha, mbina imatani?

Wofunsa78:

Moni nonse. Ndikuganiza zopangitsa opaleshoni ya BBL, ija amapopa mafuta pamimba ndi m'chiuno n'kuwabaya m'matako. Panopa ndikulemera makilo 78, kutalika mita 1.63, ndipo ndikufuna kufika pa 68. Ndiyambe ndi chiti? Ena akuti ndisayerekeze kuonda chifukwa dokotala adzasowa mafuta opopa, mwinanso ndiwonjezere makilo asanu. Ena akuti ndikadzaonda pambuyo pake mbina yonse idzaphwa, ndalama n'kulowa m'madzi. Komanso sindinamalize kubereka. Odziwa ndithandizeni, ndatopa ndi mphekesera.

WazaMaopaleshoni:

Achemwali, yambani ndi kuchepetsa thupi. Fikani pa makilo amene mungathe kukhalapo popanda kudzizunza ndi njala, mukhalepo miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi sikelo isakusewera, kenako muganize za opaleshoni.

Chifukwa chake n'chakuti mafuta amene amabayidwa m'matako ndi amoyo. Si pulasitiki kapena silikoni amene amangokhala mmene anamuikira. Ndi maselo anu omwe, asamutsidwa kuchoka pamimba kupita kwina, ndipo akagwira amadya ndi kusala limodzi ndi thupi lonse. Munthu wamkulu akanenepa kapena kuonda, chiwerengero cha maselo a mafuta sichisintha kwenikweni. Chimene chimasintha ndi kukula kwa selo lililonse: limafufuma mukamadya zoposa zimene thupi likugwiritsa ntchito, limaphwa mukamaonda. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Karolinska ku Sweden wa mu 2008 anaonetsa kuti ngakhale munthu ataonda kwambiri, maselowo amatsala ochuluka chimodzimodzi, amangochepa msinkhu.

Tiyeni tiwerenge ndi makilo anuwo, mongoyerekeza. Mayi wa makilo 78 pa kutalika kwanu, BMI yake (nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) ili cha pa 29, ndipo tinene kuti mafuta a m'thupi mwake ndi makilo 28 kapena 30. Akataya makilo 10, pafupifupi 7 mwa amenewo amakhala mafuta. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a mafuta ake onse lapita. Ngati dokotala anabaya mamililita 700 mbali iliyonse, n'kugwira 500, kuondako kungachotsepo 120 kapena kuposerapo. Ndipo musaiwale kuti mafuta obadwa nawo a m'matakomo nawonso aphwa nthawi yomweyo. Mbina siitheratu ayi, chifukwa chiuno nacho chimachepa, kotero kaumbidwe kamatsalako ndithu. Vuto lalikulu limakhala khungu. Linatambasuka kuti lisunge mafuta ambiri, tsopano mkati mwachepa, ndiye thako limagwa chakumunsi, pamwamba n'kukhala paphwatalala. Kukonza zimenezo kumafuna opaleshoni ina, nthawi zina yodula khungu, ndipo imasiya chipsera chachitali.

Pa makilo 68 BMI yanu idzakhala cha pa 25 kapena 26. Pamenepo mafuta opopa amapezeka mokwanira kwa amayi ambiri: pamimba, m'mbali mwa chiuno, kumsana mmunsi mwa bra, ndi m'ntchafu. Amene amasowadi mafuta ndi oonda kwenikweni, a BMI ya 20 kutsika mmunsi. Inu simuli m'gulu limenelo.

Za kunenepa dala musanapite ku thiyeta, zitayeni. Kuwonjezera makilo asanu kumangofufumitsa maselo omwe muli nawo kale. Dokotala adzapopa zambiri m'botolo, inde, koma mukadzabwerera pa makilo anu a masiku onse maselowo adzabwereranso pa msinkhu wawo, kulikonse kumene ali. Chinanso, gawo lina la makilo owonjezerawo limapita mkati mwa mimba, kuzungulira matumbo, kumene kachubu kopopera sikafika. Mumadzuka mimba ikadali yotuluka.

Kusintha kwa makilo awiri mpaka anayi, kukwera kapena kutsika, sikuoneka kwenikweni. Kukapitirira asanu m'pamene galasi limayamba kukuuzani.

Namwino_waThiyeta:

Ndikuvomereza zonse zanenedwazi, koma ndiwonjezere za miyezi itatu yoyamba, chifukwa apa m'pamene ambiri amasokoneza kutupa, kufa kwa mafuta, ndi kuonda, ngati kuti n'chinthu chimodzi.

Mafuta akangobayidwa amakhala alibe mitsempha yawoyawo ya magazi. Masiku oyambirira amapulumukira pa madzi a m'thupi amene awazungulira, mpaka timitsempha tatsopano titamera n'kuwalumikiza. N'chifukwa chake dokotala wodziwa amabaya pang'onopang'ono, timizere topyapyala m'malo ambiri, osati kukhuthulira pamalo amodzi. Chibulu chachikulu chimafa pakati chifukwa mpweya wa okosijeni sufika. Chofacho chimasanduka kabulu kolimba kamene mumakamva mukakhudza, kapena kathumba ka mafuta osungunuka, ndipo nthawi zina kamachita mafinya.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, si mafuta onse amene amagwira. Madokotala ambiri amanena za 60 mpaka 80 pa 100 alionse. Ndiye zimene mumaona sabata yoyamba si mbina yanu yeniyeni, ndi mafuta kuphatikiza kutupa ndi madzi amene anathira popopa. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi kutupa kwambiri kumakhala kwatsika, ndipo kukula kwenikweni kumadziwika pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi. Kuphwa kwa nthawi imeneyi n'koyembekezereka. Musathamangire kudya mandasi ndi tchipisi poganiza kuti mukudyetsa mafutawo. Zimenezo zimangonenepetsa thupi lonse.

Koma kusala kudya pa nthawiyi n'koipa kuposa. Thupi likuchiritsa mabala aakulu a mkati, kumene anapopa ndi kumene anabaya. Idyani mokwanira kuti sikelo ikhale pamodzi, ndipo chakudya chilichonse chikhale ndi zomanga thupi: mazira, nsomba, usipa, nkhuku, nyemba, soya, mtedza, chambiko. Ndiwo zamasamba ndi chiwindi zimathandiza kubwezera magazi, chifukwa kupopa mafuta ambiri kumatsitsa magazi. Sikelo ya masabata awiri oyamba musaikhulupirire, imakwera ndi madzi. Yambani kudziyeza pakatha mwezi, kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye.

Zina zimene zimapha mafuta atsopano n'zodziwika. Kukhalira matako: masabata awiri oyamba gonani chafufumimba, ndipo mukamakhala pansi mpaka sabata yachisanu ndi chimodzi kapena yachisanu ndi chitatu, ikani pilo wolimba pansi pa ntchafu kuti thako lilendewere kumbuyo. Chovala chothina chimene mumavala mukachitidwa opaleshoni chizithina pamimba ndi m'chiuno, osati kufinya matako. Fodya wamtundu uliwonse, shisha ndi vape yomwe, amafinya timitsempha timene mafutawo akudikira. Musiyeni masabata anayi opaleshoni isanachitike, ndipo musamuyandikire mpaka mutachira. Kuyenda pang'onopang'ono m'nyumba yambani tsiku lotsatira lomwe, kuti magazi asaundane m'miyendo, koma kuthamanga ndi jimu yamphamvu dikirani masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, dokotala akuloleni.

Amene mukupitira opaleshoniyi kunja, monga ku South Africa kapena ku Turkey, ganiziraninso za ulendo wobwerera. Maola ambiri pampando wa ndege kapena basi sabata yoyamba ndi chiopsezo kwa mafutawo komanso kwa miyendo yanu.

Wofunsa78:

Zikomo kwambiri, zayamba kumveka. Nanga nditagwiritsa ntchito jakisoni wa Ozempic kuti makilo 10 amenewa achoke msanga? Ndipo amene amamwa mankhwala onenepetsa aja atapanga kale BBL, amati mafuta amapita kumbina kokha, n'zoona?

WakuFamase:

Ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa likundidetsa nkhawa. Palibe mankhwala akumwa amene amatumiza mafuta kumatako okha. Manyuchi onenepetsa ngati Apetamin ali ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amatsegula chilakolako cha chakudya. Mumadya kwambiri, mumanenepa paliponse, mumagona tulo tosatha, ndipo ena awonongeka nawo chiwindi. Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu za Apetamin mu 2023. Oipitsitsa ndi mapiritsi a dexamethasone kapena prednisolone amene ena amagulitsa mobisa ngati onenepetsa. Awa amachita zosemphana ndi zimene mukufuna: amaunjika mafuta kumaso, kumbuyo kwa khosi ndi pamimba, kwinaku akudya minofu ya m'ntchafu ndi m'matako. Amapyapyalitsa khungu, amakweza shuga ndi BP, amachedwetsa mabala kupola. Amene wakhala akuwamwa kwa masabata angapo asawasiye mwadzidzidzi, akaonane ndi dokotala amutsitsire pang'onopang'ono, ndipo adzanene kwa dokotala wogonetsa tulo pa opaleshoni asanalowe m'thiyeta.

Za semaglutide, amene ali mu Ozempic ndi Wegovy: amagwira ntchito, pa kafukufuku wamkulu wa mu 2021 anthu anataya pafupifupi 15 pa 100 ya kulemera kwawo m'masabata 68. Koma anthu ambiri akasiya jakisoniyu makilo amabwerera, gawo lalikulu pasanathe chaka. Ndiye taonani vuto lake. Mukapanga BBL mukadali pakati pa kuonda, mafuta adzapitiriza kuphwa. Mukapanga mutangosiya, mudzanenepa ndi kaumbidwe katsopano kamene simunakonzekere. Njira yabwino n'kufika pa makilo amene mukufuna, kukhazikika pamenepo miyezi isanu ndi umodzi, muli pa mlingo wokhazikika wa mankhwala kapena mutasiya, kenako opaleshoni. Kuonda mothamanga kumadyanso minofu, ndipo mnofu wa thako ndiwo maziko amene mafuta amakhalapo, choncho masikwati (masewera onjuta n'kudzuka) ndi kunyamula zitsulo zisasiyidwe pa nthawi yoondayo.

Jakisoniyu amachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, kotero munthu angasanze ali mtulo ta mankhwala, masanzi n'kulowa m'mapapo. Wogonetsa ayenera kudziwa kuti mukubaya, ndi tsiku limene munabaya komaliza. Ndipo popeza mukufuna mwana, semaglutide amasiyidwa miyezi iwiri musanayambe kufuna pathupi.

MphunzitsiWaJimu:

Onse akamba za kuonda, ine ndikambe za kunenepa, chifukwa ndi kumene kumachitika kawirikawiri pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri.

Pamene anapopa pamatsala maselo ochepa, pamene anabaya pali ochuluka. Mukawonjezera makilo 8 kapena 10, matako amakula mofulumira kuposa kale, ndipo sakula mosalala nthawi zonse. Ngati mbali ina inagwira mafuta ambiri kuposa inzake, kusiyanako kumaonekera kwambiri tsopano. Madokotala ambiri amaonanso kuti mafuta ochokera pamimba amasunga khalidwe la kwawo, ndiye ngati ndinu munthu amene mimba imayamba kutuluka mukanenepa, mbina ndiyo idzayambe. Kwa ena zimenezi zimamveka ngati mwayi, koma thako lolemera limakoka khungu, timaenje ta cellulite timachuluka, ndipo ntchafu zimaoneka zazing'ono poyerekeza ndi chimene zanyamula.

Mafuta otsalawo amafunanso kokhala. Amapita kumene sikunapopedwe: m'mikono, m'mabere, kumtunda kwa msana, pansi pa chibwano, ndi mkati mwa mimba. Kafukufuku wa ku University of Colorado wa mu 2011 anapeza kuti amayi amene anapopedwa mafuta m'ntchafu ndi mmunsi mwa mimba, pakutha chaka mafuta a m'thupi mwawo anali atabwerera, koma ambiri anakakhala kumtunda kwa mimba. Wina wa ku São Paulo wa mu 2012 anapeza kuti mafuta a mkati mwa mimba anakwera ndi pafupifupi 10 pa 100 mwa amene sankachita masewera olimbitsa thupi atapopedwa, pamene mwa ochita masewera sanakwere. Mafuta a mkatiwa ndi amene amayenda ndi matenda a shuga ndi mtima. Pamimba pamene anapopa, ngati panatsala mabampu, kunenepa kumawatulutsa poyera.

Masikwati satentha mafuta a m'matako okha, musaope. Thupi silisankha malo potentha mafuta. Amene amaphwetsa mbina ndi kuthamanga kwambiri kophatikiza ndi kudya mopereweza.

WazaMaopaleshoni:

Ndibwererenso pa za kubereka, tinazidumpha. BBL siiletsa kutenga pathupi ndipo siivulaza mwana. Koma mayi wa thupi lapakatikati amayembekezereka kuwonjezera makilo 11 mpaka 16 ali woyembekezera, kenako ambiri amatsika akamayamwitsa. Kukwera ndi kutsika kumeneku kumatambasula khungu la pamimba pamene anapopa, ndi la m'matako lomwe. Ngati mwana mukumufuna m'zaka ziwiri zikubwerazi, berekani kaye, muyamwitse, sikelo ikhazikike. Ngati n'zapatsogolo kwambiri, dikirani miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka mutachita opaleshoni musanatenge pathupi.

Pali chinanso chimene chikugwirizana ndi funso la makilo. Munthu amene akuopa kuti mafuta adzaphwa amakakamiza dokotala kuti abaye ochuluka kwambiri, ndipo kale ena ankabaya mkati mwa mnofu kuti achuluke. Mu mnofumo ndi pansi pake mumadutsa mitsempha ikuluikulu. Ukang'ambika umodzi, mafuta amalowa m'magazi n'kukatseka mapapo, ndipo munthu amatha kumwalira pa tebulo pomwepo kapena patangopita maola. Kafukufuku wa mu 2017 anayerekeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa 3,000 alionse ankamwalira ndi opaleshoniyi. Kuyambira 2018 mabungwe a madokotala a maopaleshoni otere akhala akunena kuti mafuta azibayidwa pansi pa khungu pokha, pamwamba pa mnofu. Ku Florida tsopano ndi lamulo kugwiritsa ntchito ultrasound (makina ounikira mkati mwa thupi) pobaya, ndipo bungwe la madokotala a maopaleshoni otere ku Britain la BAAPS, limene linauza mamembala ake mu 2018 kuti asiye kuchita BBL, linawalolanso mu 2022 pokhapokha ngati akubaya pamwamba pa mnofu akuyang'ana pa ultrasound.

Malo a pansi pa khungu ali ndi malire ake. Mukawadzaza mopitirira, mafuta amapanikizana n'kufa ochuluka. Ngati mukufuna kukula koposa kumene khungu lanu lingalandire ulendo umodzi, amachita kawiri, motalikirana miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, bola pakhale potsala popopa. Pokaonana ndi dokotala, mufunseni kuti adzabaya mamililita angati mbali iliyonse, adzapopa malita angati onse pamodzi, ngati amagwiritsa ntchito ultrasound, ndi kuti amachita ma BBL angati pa tsiku. Kupopa koposa malita asanu kumawerengedwa kuti n'kwakukulu, ndipo kumafuna kuti mugone m'chipatala usiku umenewo akukuyang'anirani.