Resin sikugwira pa plate, kodi vuto ndi pulojekita kapena chiyani?

Wokonza mafotokope, Nchalo:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndikumanga printer ya 3D ya resin (madzi okhuthala amene amauma ndi kuwala), pulojekita pansi, vat (mbale yothiramo resin) pamwamba. Pulojekita ndi DLP ya 1024x768, ndinagula kwa munthu wa video show. Z (chokweza ndi kutsitsa plate yomwe resin imamatirirapo) ndi mota ya NEMA 17, driver ya A4988 pa 1/16, ndodo ya M8 ya ku hardware, ma steps 2560 pa milimita. Pulogalamu ndi NanoDLP pa kakompyuta ka Raspberry Pi. Resin youma ndi kuwala kwa 405nm, botolo limodzi lokha, anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Johannesburg. Chithunzi sichikuthwa ndikayandikitsa, focus yafika pothera. Komanso layer 0.05mm, masekondi 20, plate ikukwera yopanda kanthu, pa FEP (kapulasitiki koonekera ka pansi pa vat) pakungotsala kanthu konanda ngati therere. Ndikufuna kupanga timagiya ta mafotokope, makina a anthu angoti mbwee mu shopu kudikira masipeya a ku Limbe. Ndichotse UV filter ndi colour wheel (kagudumu ka mitundu ka mu pulojekita)? Za kugula yatsopano musandiuze chonde.

Wa sola, Ngabu:
Achimwene pulojekitayo isiyeni. Babu lake limadya kupitirira 200 W, ndipo giya imodzi ndi maola angapo likuyaka. Kunja kuno mwezi wa 10 ndi 11 kumadutsa 40, inu muli m'shopu ya malata. Pezani sikirini ya LCD ya mono (yopanda mitundu) ndi ma LED a 405nm, zimayenda pa batire ndi inverter yaing'ono.

Wokonza mafotokope, Nchalo:
Ndanena kale. Ndili ndi pulojekita, LCD ndilibe.

Wamakompyuta, Chikwawa boma:
Achimwene musatsegule kanthu kaye. Ma steps ali bwino, M8 imayenda 1.25mm pakuzungulira kamodzi, ndiye 0.05 ikukwana ma full step 8 ndendende. Choyamba dziwani ngati kuwalako kukuumitsa resin. Chotsani vat, dontheza pang'ono pa galasi, onetsani bokosi loyera, loyera lenileni, eco mode yozimitsa, brightness pothera. Yesani masekondi 20, 40, 60, 90. Mukaona pamene yauma ndiye muli ndi poyambira. Resin zambiri za 405nm anazipangira ma LED amene mphamvu yawo yonse ili pomwepo. Pulojekita ya mu ofesi ili ndi filter yodula kuwala kwa cha kumeneko, chimafika pa vat ndi chochepa, ndiye 20 wanuyo akhoza kukhala wosakwana n'komwe. Ma layer oyamba amafunanso nthawi yochuluka kangapo kuposa enawo.
Funso langa, pansi pa FEP mwaikapo chiyani? Ngati ndi pulasitiki ya ma sign post, ina imatchinga UV. Galasi wamba la pawindo limadutsitsa 405.

Wokonza mafotokope, Nchalo:
Achemwali ndi pulasitiki yomweyo, ya 5mm. Ndisintha. Nanga focus?

Wamakompyuta, Chikwawa boma:
Lens iyenera kutalikirako pang'ono ndi DMD (kachip ka timagalasi kopanga chithunzi). Masulani ma screw ake muikepo mawashala, kuyambira 1mm, ofanana mbali zonse, apo ayi ngodya imodzi izituluka yosathwa. Chithunzi mukachifikitsa 10cm m'litali, pixel iliyonse ndi pafupifupi 0.1mm. Kwa giya ya mano akuluakulu zitheka, kwa timano tating'ono mudzaona masitepe. N'chifukwa chake anthu ankalimbirana Acer H6510BD, ili ndi 1920x1080. Plate nayo ikwecheni ndi sandipepa, musaisiye yosalala, ndipo poilinganiza ikani pepala limodzi pansi.

Madala a mawailesi, Bangula:
Ana anga, za kutsegula mbali ya babu ndimveni. Ine mapulojekita a video show ndawakonza kuyambira kale. Mnyamata wina kuno ankaonetsa mpira, holo yodzadza, makina ali pa thabwa pansi penipeni pa malata. Fumbi linali litatseka sefa yonse, fani ikungolira mphepo osadutsa. Babu linaphulika mpira uli mkati, anthu kuthawira pakhomo kuganiza mfuti. Atabwera nayo kwa ine magalasi anali paliponse mkatimo, colour wheel itathetheka. Babu limenelo lili ndi mercury komanso pressure yaikulu. Osaligwira ndi zala, osalitsegula likadali lotentha. Ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi fani imaima babu lili moto, ndi pamene limafa msanga. Popanda UPS (batire yogwirizira magetsi akathima) musayambe n'komwe.

Wa sola, Ngabu:
Mwamva madala? Ndi zomwe ndikunena. LED ilibe zophulika, ilibe zodikira kuti izizire.

Madala a mawailesi, Bangula:
Colour wheel musachotse. Board imawerenga kuzungulira kwake ndi ka sensor, ikapanda kuona imazimitsa babu yokha. Ena amaisunthira pambali ikuzungulirabe, koma m'makina ang'onoang'ono malo mulibe. Filter mukachotsa, UV ndi kutentha zonse zikuthera pa magalasi ndi DMD, komanso m'maso mwanu. Maso sagula ku Limbe.

Wa mano oikirira, Nsanje:
Pepani ndilowererepo, resin ndimaigwira kuntchito. Palibe amene wanena za manja. Magolovesi akhale a nitrile, a latex sateteza mokwanira. Khungu likayamba kudana nayo, limadana nayo mpaka kalekale. Mnzathu wina ankatsuka ma model ndi manja, poyamba osamva kanthu, kenako zala zinayamba kuyabwa, kusweka m'mphepete mwa zikhadabo, moti pano akangolowa m'chipindamo zikope zimatupa. Anasiya ntchitoyo. Potsuka IPA (alcohol yotsukira) ikasowa spiriti amathandiza, koma zotsukirazo musathire m'ngalande, zimapha za m'madzi, ndipo kuno ngalande iliyonse imathera ku Shire. Ikani m'botolo loonekera padzuwa, resin iume, mutaye youma. Ana asafike pafupi.
Dzuwa lathuli pa post-cure (kuumitsa komaliza) ndi laulere, koma vat ikakhala pafupi ndi windo resin iyamba kugwirana yokha. Phimbani. Botolo lisungeni malo ozizira, opanga ambiri amafuna madigiri a m'ma 20.

Wa CNC, Dyeratu:
Ndodo ya M8 ya ku hardware sikhala yowongoka. Igubuduzeni pa galasi muone mmene ikudumphira. Ngati mulibe njanji ziwiri zolimba mudzaona mizere pa giya. Ndipo ndinene zoona akulu, giya ya resin wamba ndi yophweka kuthetheka. Za mu fotokope zambiri ndi za pulasitiki ya nylon kapena POM, ndipo za pafupi ndi fuser (chotenthetsa inki pa pepala) zimakumana ndi moto. Ine ndinaona ina yosindikizidwa, yokongola bwino, itaikidwa mano atatu anachoka tsiku lomwelo. Mwina muipange ngati chitsanzo chothirira mould.

Wokonza mafotokope, Nchalo:
Za fuser sindikuzifuna, ndi za pa tray ya mapepala. Ndasintha galasi, pa 60 dontho lauma ndithu. Mawashala ndiika mawa, magetsi athima.

Wa sola, Ngabu:
60 pa layer imodzi! Giya ya 1cm ndi ma layer 200. Werengani nokha, maola oposa atatu babu likuyaka, osawerengera kukwera ndi kutsika kwa plate. Pa LCD ya mono layer ndi masekondi awiri kapena atatu. Achimwene sindikukunyozani, ndikukumverani chisoni mayunitsi.

Wamakompyuta, Chikwawa boma:
Dontho ndi lokhuthala kuposa layer, nthawi itsikako. Komanso chithunzi chikachepa kuwala kumaunjikana. Ayese kaye ndi 0.1, ma layer akhale 100.

Wa sola, Ngabu:
Ngakhale itsike theka, babu ndi lomwelo, kutentha ndi komweko.

Madala a mawailesi, Bangula:
Mwana wanga wa ku Nchalo, muone ku menu maola amene babulo layaka. A video show sasintha mpaka lifere momwemo, ndipo lokalamba limawala mofooka.

Wa CNC, Dyeratu:
Pakali pano, alipo ali ndi A4988 yapadera kapena DRV8825? Yanga ya X yapsa, ndipo Loweruka ndili ndi zitseko za munthu. Amene akutsika Thabwa mawa andiuze.